Senga Bay Kapena Cape Maclear, Everlyn Asankhe

Foni inalira katatu Everlyn ali ndi khanda m'manja, thovu la sopo mpaka m'zigongono. Anali ataiika pa njerwa pafupi ndi beseni, ndiye ankangoiona ikuyaka n'kuzima, ikuyaka n'kuzima. Munthu wotumiza mameseji motsatizana chonchi analipo mmodzi yekha, Fanuel wa ku Nathenje, chibwenzi chake cha zaka ziwiri.

"Yankha, iphulikatu imeneyo," anatero Thandiwe, mkulu wake, ali pakhonde dzanja lili pamimba. Anali atachira ndi opareshoni masabata atatu apitawo, moti ntchito yosambitsa mwana inagwera Everlyn.

"Ndiyankhe ndi chala cha kumwendo, asisi?"

Atamupukuta mwana n'kumupereka kwa mayi wake, anatsegula WhatsApp. Zithunzi ziwiri. China mchenga wodzaza anthu ndi maambulera, china madzi oyera oonekera mpaka pansi, kachilumba kali patsogolo. Pansi pake Fanuel analemba kuti: "Senga Bay kapena Cape Maclear. Pa Mother's Day tikupita, no excuse. Sankha babe."

Everlyn, zaka twente folo, wobadwira m'mudzi wa kuseri kwa msika wa Mitundu, nyanja ankangoionera pa status za anzake. Madzi aakulu amene anawaonapo ndi maso anali damu la ku Malingunde, pa ulendo wa sukulu ali Sitandade 7. Fanuel anamulonjeza nyanja kawiri konse, ndipo kawiri konse Everlyn anakana. Koyamba kunagwa maliro. Kachiwiri anali mantha basi.

Asanayankhe, panafika mkazi wa neba, manja atatambasula kale.

"Odi kuno! Tabwera tidzamuone mlendo. Ndipatseni ndimumve kulemera."

A Nambewe, amayi awo a atsikanawo, anatuluka m'nyumba ngati achita kuponyedwa.

"Muonereni pomwepo, anzanga. Bambo ake akadali ku Joni, sanamutengere kumphasa."

Mayiyo sanakhumudwe. Anangobweza manja kumbuyo n'kuseka, poti mwamuna wake anali pakhomo ndipo lamulolo ankalidziwa. Khanda lisanatengeredwe kumphasa ndi makolo ake limakhala lozizira, ndipo munthu wotentha, amene wagona ndi mwamuna, salikhudza. Akalikhudza akuti limatupa, tsempho. A Nambewe anali a Chigwirizano kutchalitchi, yunifolomu yoyera yosita bwino, koma pa zimenezi sankanyengerera munthu. Iwo manja anali a nyamakazi, ndiye beseni analipereka kwa Everlyn chifukwa ankamukhulupirira kuti ndi wozizira. Tsiku lililonse akamasambitsa mwana pabwalo, mudzi wonse unkaona chikhulupiriro chimenecho.

N'chimenenso chinafewetsa amalume ake, a Gilibati. Chaka chathunthu ankakana kuti ankhoswe a Fanuel asaponde pakhomo, ati mwana wa matenanti, bambo ake anachoka ku Mulanje kudzalima fodya wa eni, kwawo kwenikweni sitikudziwa. A Nambewe ndi amene anawagwira mwendo: mnyamatayo ndi waulemu achimwene, zaka ziwiri mwana wanga sanamuwononge. Amalume anavomera atakwinya nkhope. Ankhoswe abwere Loweruka lomaliza la October.

Mother's Day ndi pa 15.

Everlyn analemba kuti: "Tikambirane Sunday."

Blue tick. Kenako: "Wayambapo."

*

Lamulungu Everlyn atatuluka m'tchalitchi anakwera kabaza wa njinga yamoto, kudzera msewu wachidule, n'kukatsika pa Nathenje nsidze zili psuu ndi fumbi. Fanuel ankamudikira pa chiwaya, atagula kale chips mbale imodzi, timitengo tiwiri.

"Ndiye wasankha?"

"Moni kaye, aise. Fumbi lonseli ndadyera iwe."

"Sorry babe. Waswera bwanji? Mwana ali bwanji? Amayi? Mbuzi? Ndiye wasankha?"

Everlyn anaseka asakufuna. Vuto la Fanuel linali limeneli, munthu sunkatha kumukwiyira mpaka kumapeto.

"Tamvera plan," anatero Fanuel, akujambula msewu pa tebulo ndi kamtengo. "Cape Maclear ndi yaulere. Maliko, msuweni wanga wa lole uja, akunyamula kabichi kupita ku Monkey Bay. Tikwera kutsogolo, Dedza, kutsetsereka Golomoti, osalipira olo kobiri. Kandalama kathu tikadyera chambo ngati azungu."

"Kubwerera?"

"Mawa lake. Lole ikatsitsa."

"Mawa lake."

"Iwe ukagona kwa apongozi ake a Maliko, ndi azimayi okhaokha. Ine ndikagona m'lole, ndi fungo la kabichi. Ndilumbire?"

"Nanga Senga Bay?"

Fanuel anakanda m'mutu. "Senga Bay ndi minibasi ya ku town, ina ya ku Salima, kenako kabaza. Pobwera chimodzimodzi. Pa holide makondakitala amakweza mtengo ngati akukweza anthu ndege. Tikafika m'thumba muli gwa, tikangoona madzi n'kutembenuka. Komanso Lilongwe yonse imakhuthukira kumeneko. Ukasambira m'zigongono za anthu."

"Koma timabwerako tsiku lomwelo."

"Eve, zaka ziwiri zonsezi ndinakukakamizapo chinthu?"

"Nkhani si imeneyo. Ndikangogona kunja, m'mawa mwake amayi andilanda beseni. Safunsa, salalata, angopatsa wina. Mudzi wonse uona kuti Everlyn sakusambitsanso mwana. Amalume amva dzuwa lisanafike pamutu, ankhoswe ako abwerere panjira."

"Tsempho? Masiku ano, anthu tili ndi ma smartphone?"

"Mwanayo akangotsokomola kamodzi, chifuwacho achipatsa dzina loti Fanuel."

Fanuel anasiya kamtengo. Anayang'ana kumsewu, komwe maminibasi a ku Dedza ankalimbirana munthu mmodzi wa thumba la mbatata.

"Aka n'kachitatu," anatero motsitsa. "Ankhoswe akabwera, kubwera chinkhoswe. Chikatha, feteleza. Kenako mvula. Ndalama ya nyanja sidzaonekanso, ndikukuuza. Ndimangofuna tsiku limodzi loti tikhale anthu awiri. Nthawi zina ndimasokonezeka ngati ndikufunsira iweyo kapena komiti."

Mawuwo anamulasa Everlyn. Mwadzidzidzi dzanja la zikhadabo zofiira linalowa m'mbale n'kutola chips ziwiri.

"Fanu! Eee, ndi alamu omwe? Mwaswera alamu?"

Anali Edith. Wa pa Nathenje pomwepo, anaphunzira kalasi imodzi ndi Fanuel ku sekondale, tsopano ankagulitsa usipa pa msika wa Mitundu. Anthu ankati ali Fomu 3 awiriwa anali pa chibwenzi. Fanuel ankati anthu amanama. Edith sankatsutsa mbali iliyonse.

"Ndamva mukupita kunyanja. Maliko pakamwa pake palibe chitseko." Anatafuna chips pang'onopang'ono akumuyang'ana Everlyn kuyambira ku nsapato. "Bwanji osapita ku Senga Bay? Fanu amakudziwa ngati kwawo. Mumufunse anamuphunzitsa kusambira ndani."

Anatolanso ina imodzi n'kumapita, akugwedeza makiyi a nyumba pa chala.

"Ndiye chifukwa chake Senga Bay sukuifuna?" anafunsa Everlyn.

"Unali ulendo wa sukulu, tinali anthu fifite."

"Onse fifite anakuphunzitsa kusambira?"

"Eve, serious?"

Everlyn anaimirira n'kukodola kabaza. Chips zinatsala theka.

*

Lolemba lonse Fanuel sanalembe kanthu. Everlyn ankatsegula foni mphindi iliyonse, kuona kuti ali online, kutseka, kutsegulanso. Bando inatha osalandira olo dontho. Lachiwiri masana anali pakhonde ndi Thandiwe akuswa mtedza wa mbewu, mwana ali mtulo pa chitenje.

"Mtedzawo wakulakwira chiyani?" anafunsa Thandiwe. "Ukuuswa ngati mutu wa munthu."

Everlyn anafotokoza zonse, Maliko ndi kabichi wake, komiti, zikhadabo zofiira.

"Iwe uli ndi mwayi," anatero Thandiwe. "Ine bambo a mwanayu ananditengera pa Bunda turn-off kukamwa Fanta imodzi, mastrolo awiri. Holide yanga inathera pomwepo."

"Asisi, ndikuopa. Ndikakana, atopa nane. Ndikavomera Cape, amalume athetsa zonse. Senga Bay ndalama sikukwana."

"Ndani wati ukwere minibasi?"

"Ndiuluke?"

"Azimayi a usipa aja ali ndi pikapu yawo. Amanyamuka pamsika m'mawa, kukagula matumba a wouma ku Senga Bay, madzulo abwerako. Popita galimoto imakhala yopanda katundu, ndiye amasangalala akapeza wowonjezera. Mtengo wake sufika olo theka la minibasi. Ndipo a Nankhoma amapita nawo."

Everlyn anasiya mtedza. A Nankhoma anali mnzawo wa amayi ku Chigwirizano, nyumba yawo yoyang'anizana ndi ya amalume.

"Ukuona?" anapitiriza Thandiwe. "Galimoto yotchipa, mboni zaulere. Amayi akana bwanji munthu ali m'manja mwa a Nankhoma?"

Everlyn anabwereka bando kwa mkulu wake n'kulembera Fanuel.

"Ndasankha. Senga Bay, pa pikapu ya azimayi a usipa. Kupita m'mawa kubwera madzulo."

Typing. Kusiya. Typing.

"Pikapu ya usipa? Tikafika tikununkha, amphaka a ku Salima akutilondola."

"Senga Bay kapena ndikhala. Sankha babe."

Panapita mphindi zisanu zathunthu.

"Ok wawina. Koma ukudziwa amene amalemba mayina pa pikapu imeneyo?"

"Ndani?"

"Edith."

*

Tsiku la msika Everlyn anavala diresi yake yabwino, yobiriwira ija, ngati akupita ku interview. Anamupeza Edith kuseri kwa milu ya usipa, akuthamangitsa ntchentche ndi katoni.

"Alamu! Mulu wa zingati? Kwa inu ndiika basera."

"Sindinabwerere usipa. Ndikufuna malo awiri pa pikapu ya pa 15."

Edith anakweza nsidze, kenako anaseka mpaka azimayi a m'mbali anatembenuka.

"Mwamva anzanga? Tili ndi ma tourist! Fanu wavomera kukhala pa matumba? Paja amadana ndi fumbi m'tsitsi, kuyambira kale."

"Wavomera. Zimene ankadana nazo kale zambiri anaziiwala."

Mayi wina wa tomato anaomba m'manja. Edith anamwetulira, koma katoni ija inaima.

"Chabwino. Sikisi koloko pano. Mukachedwa tikusiyani."

"Iyeyo akwerera pa Bunda turn-off. Funso langa ndi limodzi. Mumabwerako tsiku lomwelo?"

"Masiku onse timatero. Bwanji, mukuopa mdima? Mwana wa amayi."

"Ndili ndi ntchito kunyumba madzulo."

"Eya, beseni lija. Tinamva." Edith anatulutsa foni m'chitenje n'kulemba. "Fanuel, kuphatikiza mmodzi."

"Dzina langa ndi Everlyn. Tengani nambala yanga, china chikasintha mundiuze."

"Musavutike alamu, ya Fanu ndili nayo. Mwini ulendo ndi amene amauzidwa."

Everlyn anachoka pamsikapo. Anapambana kapena anagonja, sanadziwe.

*

Everlyn anawapeza amayi ake Lamulungu madzulo akupeta nyemba kuseri kwa nkhokwe. Anagwada patali pang'ono, monga ankachitira akakhala ndi nkhani yolemera.

"Amayi, ndimati ndipemphe."

"Ukagwada choncho ndimayamba kumva mutu. Nena."

Ananena zonse mwachangu, asanathe mphamvu. Nyanja, pikapu, a Nankhoma, kupita m'mawa kubwera madzulo. Dzina la Fanuel analitchula kumapeto, motsitsa.

A Nambewe anapitiriza kupeta. Mankhusu ankauluka n'kutera pa mapazi a Everlyn.

"Kunyanjako kuli chiyani chimene sichingadikire masabata awiri?"

"Akabwera ankhoswe ndalama ipita kwina, amayi. Ndipo ndamukaniza kawiri."

"Ndiye ukuopa kuti athawa."

A Nambewe anagwedezanso lichero.

"Ine ndinagwada kwa achimwene anga chifukwa cha iwe. Ndinawauza kuti mwana wanga ndikumudziwa. Iwo anati, mlongo wanga, atsikana a mafoni awa palibe amene amawadziwa. Ndinati wanga ndikumudziwa." Anaika lichero pansi. "Poti a Nankhoma aliko, pita. Koma dzuwa likamalowa ndikuone pabwalo apo, manja ali m'madzi, mwana ali m'manja. Anthu akuone."

"Ndibwera amayi."

"Sindinamalize. Ukagona kunja, kaya galimoto yafa, kaya mlatho wagwa, ine sindidzamva. Mdzukulu wanga sudzamukhudza, mchere m'ndiwo sudzathira, ndipo kwa achimwene ndidzapita ndekha kukawauza kuti ndinanama. Wamva?"

"Ndamva."

"Ukabweretse usipa wa pa moto. Ndiye Mother's Day yangayo."

Everlyn anathamangira kuseri kwa bafa n'kutumiza voice note akunong'ona: "Avomera! Fanuel, avomera! Koma madzulo ndikhale nditafika, apo ayi zonse zatha, ndikunena zonse."

Yankho linabwera msanga, timitima titatu. Lolemba analembanso kuti "Good morning Mrs Senga Bay." Lachiwiri anangotumiza chala cha thumbs up, ndipo Everlyn atamuimbira anati ali busy, aonana mawa. Mawu ake anali ngati a munthu amene akuyankhula akuyang'ana kumbali. Everlyn anadziuza kuti ndi network.

*

Pa 15 anafika pamsika sikisi isanakwane, kachikwama kakang'ono paphewa, muli chitenje, thaulo ndi mandasi anayi. Pikapu yoyera, yotha utoto, inali italira kale. Azimayi asanu ndi atatu anali atadzazana kumbuyo, Edith ali pakona ya kutsogolo atavala magalasi a dzuwa dzuwa lisanakwere n'komwe.

"Khala apa mwana wanga," anatero a Nankhoma, akumusunthira. "Amayi ako andiuza kuti ndikuyang'anire ngati dzira."

Galimoto inanyamuka. Mphepo ya m'mawa inamumenya kumaso, minda yolimidwa kale mizere ikuthawira kumbuyo, phiri la Bunda likuyandikira. Kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo Everlyn anapuma mpaka pansi pa mimba. Analemba: "Tanyamuka. Ima poonekera."

Anafuna kuwongola mwendo koma unagunda chinthu cholimba. Poto. Pafupi pake mbaula, kathumba ka makala. Anayang'ana bwino zimene anakhalira. Sanali matumba opanda kanthu ayi, anali mabulangete omanga ndi chingwe. Uku mphasa zopinda, uku maneti a udzudzu.

"A Nankhoma, katundu yenseyu ndi wa chiyani? Mukukagulitsa?"

"Kugulitsa bulangete langa? Ndikafunda chiyani?"

"Kufunda kuti?"

"Kunyanja, mwana iwe. Kapena ukuganiza kuti kumeneko kulibe udzudzu?"

Everlyn anawagwira mkono. "Koma si tibwerako madzulo?"

A Nankhoma anamuyang'ana, kenako anayang'ana anzawo.

"Madzulo a liti? Ulendo uno sitikukagula wouma, wakwera mtengo chifukwa cha holideyi. Tikukagula wauwisi. Maboti amafika m'bandakucha, ndiye tigula mawa, tiyanike tokha pa thandala, uume. Loweruka ndi pamene galimoto itembenuke. Tinagwirizana dzana. Ine ndimayesa inu mukabwerera pa minibasi, monga amachitira a holide."

"Ya minibasi tilibe," anatero Everlyn, mawu akutuluka okha.

"Aaa! Ndiye sanakuuze?"

Mitu yonse inatembenukira kwa Edith. Iye anatsitsa magalasi pang'ono.

"Ine ndinauza mwini ulendo. Dzana lomwelo, folo koloko. Meseji ilipo, ndikuonetseni? Anayankha kuti sharp."

"Ukunama."

"Eee alamu, mwayamba kunditchula iwe? Tikufika pa Bunda pompano. Mumufunse."

Everlyn anaimba. Foni inalira mpaka kudula. Anaimbanso. Mwina sanaiwerenge bwino. Mwina anayankha ali pa njinga. Mwina wapeza ndalama ya minibasi kwa Maliko ndipo akufuna kumuchita surprise. Anagwira mwina ameneyo ndi manja awiri mpaka galimoto inayamba kuchepetsa liwiro.

Pa turn-off panali piringupiringu wa masiku onse, makondakitala, ogulitsa nthochi, njinga. Fanuel anaima poonekeradi, shati yoyera, kapu yatsopano, akukweza dzanja. Kumsana chikwama. M'khwapa, atalipinda bwinobwino n'kulimanga ndi lamba, bulangete.

Pikapu inaima. Kenako mayi wina wa kumapeto anakodola mnzake ndi chigongono.

"Limodzi."

"Chiyani?"

"Bulangete. Anthu awiri, bulangete limodzi."

Kuseka kunaphulika galimoto yonse. A Nankhoma okha sanaseke. Anamuyang'ana Fanuel kuchokera ku kapu mpaka ku bulangete, milomo itatsekeka ngati chikwama, kenako anayamba kumasula mfundo ya pa chitenje pomwe ankasunga foni.

Everlyn analumpha pansi osadikira kuti amugwire dzanja.

"Unadziwa."

"Eve, tamvera kaye."

"Unadziwa kuyambira dzana."

"Bulangeteli ndi lako! Ine ndimati ndikagona pa mchenga ndi jekete. Iwe ukagona pakati pa azimayi, a Nankhoma ali pomwepo. Ndinaganiza kuti poti mboni zilipo, amayi amvetsa."

"Ndinakuuza kuti chiyani mu voice note?"

"Ndimafuna ndikuuze tikafika, utaona kaye madzi." Mawu ake anasweka. "Ndikanakuuza dzana ukanakana. Kachitatu. Ndinaopa, Eve."

"Iwe unaopa? Iwe?"

Dalaivala analiza hutala. Edith anasuntha n'kumenya pa bulangete la pambali pake.

"Fanu, kwera. Malo unalipira kale, ndalama sibwerera. Alamu akasambitse mwana."

Fanuel sanatembenuke n'komwe. "Pitani," anatero.

"Ukutaya nyanja chifukwa cha beseni?"

"Ndati pitani, Edith."

Pikapu inalowa mu M1 azimayi akusekabe. Chomaliza chimene Everlyn anaona anali a Nankhoma, foni ili kukhutu, dzanja lina likujambula m'mwamba kukula kwa bulangete.

Anatsala awiri m'mbali mwa msewu. Fanuel anaika bulangete pansi ngati likumuotcha.

"Sindinakwere, waona? Tiye ndikuperekeze. Eyiti isanakwane ukhala uli kunyumba, palibe chachitika."

"Palibe chachitika? Azimayi eyiti aona mwamuna wa Everlyn atabwera ndi bulangete limodzi. Ukuganiza kuti a Nankhoma amaimbira abusa?"

"Ndikawafotokozera amalume. Ndikagwada."

"Ukawauza kuti chiyani? Kuti unadziwa koma unabisa? Kapena ndiwauze kuti nanenso ndimadziwa, kuti iwe uoneke bwino?"

Fanuel anavula kapu yatsopano ija. Kondakitala wina anabwera akukuwa kuti Mitundu awiri, Mitundu awiri, atawaona nkhope anabwerera yekha.

Foni ya Everlyn inanjenjemera. Thandiwe.

"Uli kuti? Amayi akulira. A Nankhoma aimbira amalume."

Asanayankhe, ina inalowa.

"Usabwere kuno. Amalume akwera njinga yamoto, akuti uwadikire pa Bunda pomwepo. Akuti mnyamatayonso asachoke, ndipo bulangetelo asalibise. Akufuna alione ndi maso awo."

Everlyn anamupatsa Fanuel foni kuti awerenge yekha. Kenako anatembenukira ku msewu wa ku Mitundu n'kuyamba kuyang'ana njinga iliyonse imene inkatulukira.